Tiwabwezere Ana Masanje Awo

(Mawu amene mphunzitsi wina wopuma pantchito analankhula pamsonkhano wa makolo m'dera la Domwe, boma la Angónia, ku Mozambique.)

Zikomo a mfumu, zikomo anyakwawa, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi anzanga, amayi, abambo, ndi inu agogo mwakhala pamphasa apo. Ndathokoza kuti mwasiya madimba anu m'mawa uno n'kubwera kudzakamba za ana. A komiti ya sukulu andituma kuti ndifotokoze za msasa wa ana umene akufuna kukonza patchuthi. Ndifikako. Koma msasa ndi wa masiku owerengeka, pomwe kulera n'kwa tsiku ndi tsiku, ndiye mundilole ndiyambire pakhomo.

Mukanena kuti "mwana wa uje ngwanzeru", mumakhala mutaona chiyani? Funso ngati limeneli linafunsidwapo kwa Achewa anzathu a ku Katete, ku Zambia, kungodutsa malire a Cassacatiza ku Chifunde uko. M'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Zambia, Robert Serpell, anayenda m'midzi ya kumeneko n'kumafunsa akuluakulu kuti pakagwa ntchito yofunika munthu wodalirika, mwa ana a m'mudzimo angatume uti, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Akuluakuluwo sankasankha mwana chifukwa cha kuchenjera kokha. Ankafunanso mwana womva, wokhulupirika, woti ukamutuma amakafika n'kubwera ndi yankho, woganizira anzake. Ife zimenezi timazidziwa kale, ndipo mfundo yanga lero yagona pomwepo. Mwana wotere sabadwa ali choncho. Amakhala choncho chifukwa wina anamukonda, anamukhulupirira, anamuikira ntchito yeniyeni m'manja, ndipo atalakwitsa sanamulande.

Ambiri a ife tili pano tinakulira m'nkhondo. Ena tinathawira ku Dedza, ena ku Ntcheu, ndipo tinabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amene anatilera anatilera ndi mantha, ndipo chifukwa chinalipo. Mwana akatalikira pang'ono sumadziwa ngati abwerera. Akalira usiku m'tchire, umamugwira pakamwa. Nthawi yofotokozera mwana zifukwa panalibe, "khala chete" inali njira yopulumukira. Sindikuwanena makolo athu, anatipulumutsa. Koma zaka zoposa 30 zapita, ndipo ena a ife tikulerabe ana ngati kuti mfuti zikulira kuseri kwa phiri. Ena timawapanikiza osawalola kuyenda kapena kufunsa. Enanso, pokumbukira mmene tinavutikira, timati wanga asagwire kanthu, asavutike ngati ine. Njira ziwiri zonsezi zimatulutsa mwana amene sadziwa choti achite amayi ake akachoka.

Chisangalalo cha mwana chimayambira pati? Ku chilumba cha Kauai, ku Hawaii, mayi wina wofufuza, Emmy Werner, pamodzi ndi anzake, anatsatira moyo wa ana 698 obadwa m'chaka cha 1955 mpaka anawo atakula n'kukhala makolo. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anabadwira m'mavuto aakulu: umphawi, mikangano yosatha m'banja, makolo odwala kapena oledzera. Mwa ana a m'mavutowo, mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, wodzidalira, wokhoza kusunga banja ndi ntchito. Chinthu chimene chinkapezeka mobwerezabwereza mwa iwowa n'chakuti anali ndi munthu wamkulu, ngakhale mmodzi yekha, amene ankawasamala ndi mtima wonse. Kwa ena anali agogo, kwa ena azakhali, mkulu wawo, mphunzitsi, kapena mayi wa nyumba yoyandikana.

Ndikamaganiza za nkhaniyi ndimaona kuti ife tili ndi chuma. Mwana wa kwathu kuno ali ndi atsibweni, ali ndi amayi aang'ono ndi aakulu, ali ndi agogo mbali zonse ziwiri. Koma chuma chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha mmodzi mwa anthu amenewa atamudziwadi mwanayo. Inu atsibweni, mwana wa mlongo wanu mumadziwa chimene chimamuopsa? Mumadziwa dzina la mnzake wapamtima? Kapena mumaonekera pokhapokha pakabuka mlandu? Nanga mwana wamasiye amene tamutenga m'nyumba, ndani amamufunsa madzulo kuti waswera bwanji?

Kumufunsa mwana n'kudikira kuti amalize kuyankha, n'chinthu chaching'ono chosalira ndalama. Chiyambe ali kumsana. Khanda likamati "ba, ba" inu n'kuliyankha, likamaloza nkhuku inu n'kunena kuti "nkhuku iyo", ubongo wake ukumangika nthawi yomweyo. Masiku ano tikuona amayi akupatsa khanda foni kuti litonthole. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lija timati OMS, linalangiza mu 2019 kuti mwana wosafika zaka 2 asamaonetsedwe foni kapena wailesi yakanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni siyankha mwana. Agogo akati "Padangokhala", ana n'kuti "Tili tonse", pamenepo mwana akumva, akuyankha, akuimba nawo, akudikira nthawi yake yolankhula. Agogo, nthano zanu musapite nazo kumanda, ana akuzifuna.

Tsopano ndikhudze pamene pamawawa. Mkwapulo.

Ndikuona ena mukugwedeza mutu. Mukuti tonsefe tinakwapulidwa ndipo tinakula. Zoona, tinakula. Koma mu 2016 ofufuza awiri a ku America, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza ana oposa 160,000. Anapeza kuti ana omenyedwa samvera kuposa anzawo, ndipo kawirikawiri ndiwo amakhala aukali, osamvera ndi ovutika mumtima. Ife aphunzitsi timaziona ndi maso. Mwana womenyedwa kwambiri kunyumba ndiye amamenya ang'onoang'ono panjira yochokera kusukulu, ndipo ndi katswiri pobisa zimene walakwa. Taganizani, mtsikana amene amaopa dzanja la amayi ake, tsiku limene mwamuna wina wamkulu adzamugwire molakwika, adzauza ndani?

Sindikunena kuti mwana asamadzudzulidwe. Mwana wopanda malire sasangalala, amangosokonezeka. Ndikunena kuti chilango chiphunzitse kanthu. Mnyamata wasiya mbuzi n'kukasewera mpira, mbuzi zadya kachewere m'dimba la eni. Mukamukwapula, nkhani yatha pomwepo, ndipo opita kukapepesa ndinu. Bwanji osamutenga, akaime pamaso pa mwini dimba, apepese ndi pakamwa pake, ndipo m'mawa mwake akatseke mpanda umene mbuzi zinalowera? Tsiku limenelo aphunzira kuti zochita zake zimafika pa anthu ena, ndiponso kuti cholakwa chimakonzedwa. Pa zinthu zazing'ono zosapha, musiyeni aone yekha. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Wakana kuchapa yunifomu Loweruka, musamuchapire usiku wa Lamlungu.

Ndipo pakamwa pathu tisamale. "Galu iwe", "chitsiru", "sudzaphula kanthu ngati bambo ako". Chilonda cha mkwapulo chimapola msanga kuposa mawu amenewa. Dzudzulani chimene wachita, osati chimene iye ali. Akachita bwino nenaninso, ndipo nenani chenichenicho: "Ndaona wamugawira mng'ono wako chinangwa ndisanakuuze." Mwana amabwereza chimene chaonedwa.

Za chifundo sindichulutsa mawu, chifukwa mwana sachiphunzira m'makutu. Amaona mmene bambo amayankhulira ndi mayi. Amaona ngati mwana wamasiye akudya mbale imodzi ndi eni nyumba kapena akudikira makoko a mumphika. Amamva zimene timanena mlendo akangotuluka pakhomo. Amaona ngati timalola kuti asewere ndi mwana wachialubino, wosamva, kapena wodwala khunyu. Chinthu chimodzi chokha ndiwonjeze: anyamata nawonso tiziwapatsa khanda kuti abereke, tiziwatuma kukapatsa agogo odwala phala. Kusamala munthu wofooka kumaphunziridwa ndi manja, ndipo ngati tikupatsa atsikana okha mwayi umenewu, tisadabwe anyamata akakula ouma mtima.

Pali mapangano awiri amene dziko lathu linavomereza. La United Nations la ufulu wa ana, la 1989, limati m'ndime 31 mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. La mayiko a mu Africa, la 1990, m'ndime 31 yake limati mwana ali ndi udindo kwa banja lake ndi kwa anthu a kwawo. Ine ndimaona kuti onse awiri akunena zoona, ndipo mwana amafunika zonse ziwiri tsiku lililonse. Kutunga madzi, kusesa, kutsekulira nkhuku, kuthirira bedi lake la mpiru, izi n'zomumanga. Koma pali ntchito zina zomudya mwana. Kumutulutsa m'kalasi kuti akathyole fodya ndi imodzi. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame, chikonga chimalowa kudzera pakhungu, n'chifukwa chake mwana amabwerako akumva chizungulire, mutu ndi nseru. Kumupatsa mpope wa mankhwala ophera tizilombo ndi ina. Kumupereka kwa eni ng'ombe kuti akawete chaka chonse osaponda kusukulu ndi inanso. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati ntchitoyo ikumulanda sukulu, tulo, thanzi kapena nthawi yosewera ndi anzake, yapyola. Lamulo lathu la 7/2008 loteteza ana lilipo chifukwa cha zimenezi.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za kudziimira? Chifukwa ana athu akuchoka pakhomo ali aang'ono kuposa kale. Lamulo la maphunziro la 18/2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Mwana woyamba sukulu ali ndi zaka 6 amafika kalasi 7 ali ndi zaka 12 kapena 13. Kumene kulibe sukulu yotere pafupi, mwanayo akakhala ku internato, sukulu yogonera konko, kapena kwa achibale, kapena m'kachipinda ka lendi ku Ulongwe ndi anzake awiri. Ena adzapitirira mpaka ku Tete, kumene kutentha kwake mwana wa kumapiri kuno sanakuonepo. Kumeneko palibe womudzutsa. Ufa umene mwamupatsa ayenera kuugawa kuti ufike kumapeto kwa mwezi. Ndalama imene mwamutumizira pa M-Pesa kapena pa e-Mola ayenera kudziwa kuti ya sopo ndi iti, ya ndiwo ndi iti. Ndipo ayenera kudziwa kukana. Mtsikana amene ufa wamuthera pakati pa mwezi, amene sanaphunzirepo kunena kuti "ayi" kwa munthu wamkulu, ndiye amene amagwa m'manja mwa abambo a njinga zamoto ndi a m'magolosale. Lamulo la 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ndipo ndi lamulo labwino, koma lamulo silikhala naye m'kachipinda kaja.

Ndiye kuphunzira kuyambe lero, pang'onopang'ono. Mpatseni nkhuku imodzi ikhale yake, aziyang'anira yekha, ikaikira aziganiza yekha kuti mazira agulitse kapena aisiye ifungatire. Mtumeni kumsika ndi mametikali owerengeka, abwere ndi chenje n'kukuwerengerani. Nsima yake yoyamba idzakhala ya mibulu. Idyeni.

Makolo athu anali ndi sukulu ya zimenezi, ndipo agogo ali apawa aikumbukira. Masanje. Tikatha kukolola, ana tinkalowa m'minda kukakunkha zotsalira, chimanga, nyemba, maungu. Tinkamanga tinyumba ta mapesi kunja kwa mudzi. Tinkasankhana tokha, uyu mfumu, awa amayi, awa abambo, awa ana, ndipo wina ankakhala fisi wodzaba ndiwo. Anyamata ankapita kokumba mbewa, atsikana ankasinja n'kuphika m'timiphika tathu, pamoto weniweni. Mkangano ukabuka unkapita kwa mfumu ya masanje, ndipo mfumuyo inali ya zaka 11. Akuluakulu sankalowerera, koma sanali kutali, ndipo madzulo tinkawapititsira chakudya kuti alawe. Mayi ankalawa n'kunena kuti mchere wachepa, ndipo m'mawa mwake mchere unkakwana. Anyamata akasinkhuka ankagona kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo. Kumeneko mwana ankaphunzira kugona kutali ndi amayi ake koma ali pakati pa anthu ake. Si zonse za kugowelo zinali zabwino, aakulu ena ankazunza ang'onoang'ono, ndipo zimenezo sitikuzifunanso. Koma taonani zimene mwana ankatuluka nazo: kuphika, kugawa chakudya, kuweruza mlandu, kugonja, kutsogolera.

Lero masanje mukuwaona kuti? Minda tikukolola mpaka kambewu komaliza, ana akaweruka ali pa kanema wa pamsika kapena aunjikana pa foni imodzi. Sindikuti tibwerere m'mbuyo. Ndikuti chimene masanje ankachita chikufunikabe, ndipo msasa wa patchuthi ndi njira imodzi yochibwezera.

M'mayiko ena misasa ya ana ndi mwambo wakale. Mu Ogasiti 1907, Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kupita nawo pa kachilumba ka Brownsea ku England. Ena anali ana a anthu olemera, ena a anthu wamba. Anawagawa m'magulu anayi, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, mnyamata mnzawo, ndipo ankagona m'matenti n'kumaphunzira za m'tchire ndi kuthandiza wovulala. Pamenepo ndi pamene panayambira gulu lija timaliona ndi mipango m'khosi, ma escuteiros. A mpingo wa Adventist ali ndi ma Desbravadores, ana a zaka 10 mpaka 15, amenenso amachita misasa. Mipingo ina ili ndi misonkhano ya achinyamata yogonera konko. Ndiye chinthuchi si chachilendo m'dziko lathu, kungoti ana ambiri a m'midzi muno sichinawafikepo.

Mwana amapindulanji kumsasa chimene sangachipeze pakhomo? Pakhomo aliyense ali ndi dzina limene tinamupatsa kale. Uyu ndi waulesi, uyu ndi wamanyazi, uyu ndi mzime wa amayi. Mwana amavala dzinalo mpaka kulikhulupirira. Akafika pakati pa ana a midzi ina amene sakumudziwa, amayambanso. Wamanyazi uja mumapeza ndiye akudziwa kukoleza moto nkhuni zili zonyowa, ndipo gulu lonse likumuitana. Wovuta m'kalasi uja mukamupatsa ana asanu kuti awayang'anire pokwera phiri, mumamuona akubwerera m'mbuyo kukagwira dzanja wotsalira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Chinanso, kumsasa ntchito ikapanda kugwiridwa, zotsatira zake zimaoneka tsiku lomwelo, ndipo wokalipa si mayi. Gulu lotunga madzi likazengereza, phala lichedwa, ndipo anzawo ndiwo afunse. Wosayanika bulangete lake agona ponyowa. Mwana amene kunyumba amasankha ndiwo amadya nyemba ndi anzake osadandaula. Amaphunzira kugona pafupi ndi munthu amene masana anakangana naye. Mwana wa Mngoni ndi wa Mchewa, wa Katolika ndi wa mpingo wina, wa mwini golosale ndi wa mayi wamasiye, onse pamzere umodzi ndi mbale m'manja. Komanso thupi limagwira ntchito. A OMS amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mwamphamvu mphindi zosachepera 60 patsiku. Kumsasa foni kulibe, kuli phada, fulaye, nguli, bawo, mpira wachikulunga, galimoto zamawaya, ndi ngoma madzulo. Ana ambiri a kuno phiri la Domwe amangoliona chapatali, phiri lopitirira mamita 2,000, ndipo sanaimepo ngakhale m'munsi mwake.

Usiku woyamba ena adzalira, kufuna kwawo. Zimenezo zisatiopse. Mwana amene walira usiku woyamba, n'kutonthozedwa ndi anzake, n'kudzuka m'mawa ali bwinobwino, wadziwa chinthu chimene palibe angamuuze ndi pakamwa: kuti kupukwa kumatha, ndipo iye angathe.

Za nthawi. Kumayiko a kumpoto misasa imachitika patchuthi chachitali cha nyengo yotentha. Kwathu tchuthi chachitali chimagwa mu Disembala ndi Januwale, ndipo ine sindikuvomereza kuti tichite msasa nthawi imeneyo. Ndi nthawi ya mvula ndi ziphaliwali, mitsinje imadzaza, udzudzu umachuluka, kolera amakonda nyengo yomweyo, m'nkhokwe mumakhala mutapepuka, ndiponso manja onse amafunika kopalira. Tchuthi chachifupi cha kumapeto kwa trimestre (teremu) yachiwiri ndicho chabwino. Kunja kumakhala kouma, chakudya chilipo, ndipo ndi nyengo yomwe ija ya masanje. Kungoti kuno kumazizira usiku, ndiye bulangete ndi juzi zisatsale.

(Apa mayi wina wachikulire anafunsa kuti ana aakazi adzatetezedwa bwanji, popeza zoipa zambiri zimachitika ana akagona kutali ndi makolo.)

Zikomo amayi, mwafunsa funso limene liyenera kufunsidwa, ndipo ngati yankho lake silikukhutiritsani, musapereke mdzukulu wanu. Msasa wosakonzedwa bwino ndi woipa kuposa kukhala wopanda msasa.

Oyang'anira ana tidzawasankha ife tomwe pano, pamaso pa a mfumu, anthu amene mbiri yawo tikuidziwa. Munthu wodzipereka yekha mwachangu koma ali ndi mbiri yokonda tiatsikana, kapena womwa, ayi, ngakhale akhale wachibale wa ndani. Atsikana adzagona chipinda chawo ndi amayi osachepera awiri, anyamata chawo ndi abambo osachepera awiri. Lamulo lalikulu n'lakuti wamkulu asapezeke yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndine. Ofuna kulangiza mwana achite poonekera. Kumenya kulibe, ndipo aakulu kutuma kapena kuzunza ang'onoang'ono kulibe. Tsiku loyamba ana onse adzauzidwa kuti thupi lawo ndi lawo, ndipo adzasonyezedwa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi amene angawauze chilichonse. Adzaphunzitsidwanso nambala 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena wamkulu angaimbe kwaulere kukanena za nkhanza. Nambala imeneyi nanunso makolo isungeni.

Malo ake tisapite kutali chaka choyamba. Sukulu ya mudzi woyandikana, yokhala ndi mjigo ndi zimbudzi, yakwana. Mwana aliyense abwere ndi neti yake, chifukwa malungo sasankha nyengo kwenikweni. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, ndipo pakhomo pa chimbudzi pakhale madzi ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Tidzapempha wa zaumoyo wa m'mudzi, uja timati APE, kuti akhale nafe, ndipo njinga yamoto imodzi ikhale yokonzeka usana ndi usiku. Mwana akatsegula m'mimba, oyang'anira adziwe kusakaniza lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, uku akuthamangira naye kuchipatala. Kusamba m'madamu ndi m'zithaphwi ayi, muli likodzo, ndiponso ana athu ambiri sadziwa kusambira. Ngati mwana wanu amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a khunyu, a mphumu, kapena ma ARV, muuzeni mayi mmodzi amene tidzamusankhe, mwachinsinsi, kuti azimupatsa pa nthawi yake. Mwana wotere asatsale kunyumba chifukwa cha matenda ake. Wa khunyu timangomuteteza kumoto ndi kumadzi, wachialubino timamupezera chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo onse apite.

Za ndalama, a komiti agwirizana kuti tisonkhe zimene tili nazo: ufa, nyemba, kachewere, kabichi, mtolo wa nkhuni. Ndalama idzafunika ya mchere, mafuta, sopo ndi shuga basi. Ndipo ndikupempha ndi mtima wonse, nyumba imene ilibe choti ipereke, mwana wake apite ndithu. Amene tili ndi kochepa kapadera tithirepo mbale ina ya ufa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati msasawu udzakhale wa ana a anthu opeza okha, ndiye kuti taphunzitsa ana onse chinthu choipa tisanayambe n'komwe.

Ophika adzakhala anawo. Ndikubwereza, chifukwa ndikuwadziwa amayi a kuno ndi chikondi chawo: mukadzaona mwana akulimbana ndi mthiko mumphika waukulu, manja adzakuyabwani. Imani pambali, muonetsetse kuti asapse, mulangize ndi pakamwa, koma mthiko musamulande. Magulu akhale a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, anyamata ndi atsikana onse azitunga, onse aziphika, onse azitsuka, ndipo utsogoleri wa gulu uzisinthana tsiku lililonse kuti ndi wamanyazi yemwe aulawe. Agogo amene mungathe kuyenda, tikukufunani madzulo pamoto ndi nthano ndi zirapi. Abambo odziwa kuluka dengu, kusema mpini, kumezanitsa mitengo ya mapichesi kapena kumata tayala la njinga, mutipatse masana amodzi. Amayi a kuchipatala tidzawapempha kuti adzacheze ndi atsikana osinkhuka za kusamba kwa mwezi, ndipo kumsasako kukhale nsalu ndi malo obisika oti adzisamalire.

Makolo musabwere kudzazonda tsiku lililonse. Mwana amene anayamba kuzolowera, akaona amayi ake atanyamula chakudya cha kunyumba, amabwerera pomwe anayambira. Mudzabwere tsiku lomaliza, adzakuphikireni, mudzalawe.

Akadzabwerera kunyumba, adzabwera ndi nkhani zambiri, zina zosamveka mutu wake. Mvetserani. Adzafuna kukusonyezani kuti akutha kuphika, akutha kuchapa, akutha kumanga mfundo. Mukadzati "choka apo, uchedwetsa", masiku onse aja apita pachabe. Mpatseni tsiku limodzi pamlungu loti nsima ya madzulo ndi yake, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana.

Tsopano a komiti akhala pansi pa mtengo apo ndi kope. Amene mukufuna kuti ana anu a zaka 9 mpaka 14 apite, mukalembetse dzina la mwana, mudzi, ndi nambala ya foni imene tingakupezereni usiku. Amene mukufuna kukaganiza kaye kapena kukafunsa atsibweni a mwana, kope likhala kwa a mfumu mpaka Lamlungu. Mayina a oyang'anira tisankhe lero lomwe tisanabalalike, ndipo amene ali ndi chifukwa chokanira dzina lina koma sangathe kunena pagulu, akawaone anyakwawa pambali. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu. Zikomo.